SAFUNSA ANADYA PHULA: KUSAKA CHAKUDYA CHOPANDA TIRIGU KWA ENI

Gawo lachitatu la nkhani za moyo wa ku maiko akutali

Sabata yatha, aŵerengi, tinasiyana pa nkhani ya chisanu cha ku England ndi mavuto a kupeza nyumba. Lero tiyeni tiloŵe m'khitchini, pakuti munthu angathe kupirira chisanu ndi kusungulumwa, koma mimba ikamuukira, maphunziro onse amene anapitira amasanduka mtolo wolemetsa. Nkhani imene nditi ndikambe inandigwera ine mwini, ndipo ndaiika pano podziŵa kuti pakati pa inu amene mwangotsiriza Folomu 4, ndi inu aphunzitsi anzanga, alipo ena amene tsiku lina adzakwera ndege kunka kukaphunzira kapena kukagwira ntchito kunja.

Ndinafika mu mzinda wa Manchester ndiri munthu wojintcha amene anali asanagonepo m'chipatala. Kwathu ndinakulira nsima, mpunga, mbatata ndi chinangwa. Buledi tinkamuona pa Khirisimasi, kapena pamene malipiro a bambo angotuluka kumene. Koma kumeneko tirigu ndiye mfumu. Mmaŵa buledi, masana buledi wopana kanyama pakati, madzulo supageti kapena nsomba yokutidwa ndi ufa wa tirigu. Zakudyazi zinali zotsika mtengo ndi zosachedwa kupsa, ndipo mwana wa sukulu wa ndalama zoŵerengeka sasankha.

Patapita miyezi isanu thupi linayamba kukana. Mimba inkatupa ngati ng'oma, kutsekula kunali kosatha, m'kamwa munatuluka zilonda, ndipo ndinkafika m'kalasi nditatopa kale ngati ndachokera kolima. Lamba ndinamuboola kaŵiri. Poyamba ndinati ndi madzi achilendo, kenaka ndinati ndi kupukwa kumudzi. Nditapita kwa dokotala anapeza kuti magazi ndi ochepa. Anawapimanso kachiŵiri, ndipo pambuyo pake analoŵetsa kapaipi kakang'ono kudzera m'kamwa kuti atape kanyama ka m'matumbo. Zotsatira zitabwera anandikhazika pansi nati, “Bambo, muli ndi matenda a coeliac. Alibe mapiritsi, alibe jakisoni. Mankhwala ake ndi amodzi okha: kusiya tirigu, balere ndi rye kwa moyo wanu wonse.”

KODI GLUTEN N'CHIYANI?

M'mbeu zitatu zimenezi muli chakudya chomanga thupi cha mtundu wina chotchedwa gluten. Ndiye amene amachititsa kuti ufa wa tirigu ukakandidwa uzinanda ndi kutamuka ngati ulimbo, ndi kuti buledi afufume. M'chimanga mulibe, n'chifukwa chake chigumu chimanyenyeka pamene sikono imakoka. Kwa anthu ochuluka gluten ndi chakudya chabe ngati china chirichonse. Koma kwa ena, amene anabadwa ndi chibadwa chotengera matendaŵa, asilikali a m'thupi amamuyesa mdani, ndipo pomenyana naye amaononga matumbo a mwini wake.

M'kati mwa matumbo aang'ono muli timinofu tambirimbiri toimirira ngati ubweya wa thaulo, timene ntchito yake ndi kuyamwa chakudya kuti chiloŵe m'magazi. Nkhondo ija ikapitirira timinofuti timafota, matumbo nasalala, kotero kuti munthu amadya ndithu koma chakudya chimangodutsa. Apo ndi pamene pamachokera kuchepa magazi, kuonda, kufooka kwa mafupa, ndi kupinimbira kwa ana. Ku Britain akuti munthu mmodzi mwa anthu 100 alionse ali ndi matendaŵa, ndipo ochuluka mwa iwo sadziŵa.

Dokotala wina wa ku London, Samuel Gee, anafotokoza bwino lomwe zizindikiro zake m'chaka cha 1888, nanena kuti machiritso ake adzapezeka m'zakudya, koma mbeu yolakwa sanaitulukire. Amene anagwira mbala ndi Willem Dicke, dokotala wa ana wa ku Netherlands. Iye ankakaikira tirigu kuyambira kale, ndipo pa njala yoopsa imene inagwa m'dziko lake m'nyengo yachisanu ya 1944 mpaka 1945, nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse iri kumapeto, anaona chodabwitsa: buledi atasoŵa, ana odwala matendaŵa anayamba kupeza bwino, ndipo buledi atabweranso anadwalanso. Zimene anapeza anazilemba m'chaka cha 1950. Taonani, aŵerengi, njala imene inapha anthu zikwizikwi ndi yomwe inaulula chinsinsi chimene chapulumutsa ena osaŵerengeka.

CHUMA CHIMENE TIMACHIPEPUTSA

Usiku umenewo ndinatenga pepala ndi kulemba zakudya zimene zinanditsalira. Ndinaseka ndekha, pakuti zinali zakwathu zokhazokha: nsima ya ufa woyera kapena ya mgaiwa, kondoole wa ku Nkhata Bay, mpunga wa Kilombero wa ku Karonga, mapira, maŵere, mbatata, nthochi, nyemba, mtedza, usipa, chambo ndi masamba otendera. M'zonsezi mulibe gluten ngakhale pang'ono. Chimene anthu a ku Ulaya amachilipirira ndalama zambiri, agogo anga ankachidya tsiku ndi tsiku popanda kudziŵa dzina lake.

Komabe kwa eni kulibe mkuwe. Ufa wa chimanga wochokera ku South Africa unkapezeka m'timagolosale ta anthu a ku Africa, koma kuphika nsima kaŵiri pa tsiku m'khitchini ya anthu asanu ndi mmodzi, maphunziro akudikira, sikunali kwapafupi. Buledi wopanda gluten analipo m'masitolo aakulu, koma anali wochepa msinkhu, wokwera mtengo, ndi wouma kukhosi. Tsono mnzanga wina wa m'kalasi, wochokera ku Vietnam, ataona kuti ndikungodya mpunga ndi mazira, anati, “Kwathu tirigu sitimudalira. Tiye Loŵeruka ndikakusonyeze ma noodles a mpunga.”

M'MASITOLO A KU CHINATOWN

Ma noodles ndi chakudya chonga zingwe, chofanana ndi supageti amene mumamudziŵa. Ambiri amapangidwa ndi tirigu, koma kum'mwera kwa China ndi m'maiko a Vietnam ndi Thailand, kumene mpunga ndiye chimanga chawo, amasinja mpunga, kuusungunula ndi madzi, kuuphika ndi nthunzi, ndi kuudula kapena kuufinya kuti utuluke ngati zingwe. Ku Vietnam aphanthiphanthi amaloŵa mu msuzi wotchuka wa phở, ndipo obulungira amatchedwa bún. Ku Thailand kuli sen mee opyapyala ngati ulusi, sen lek apakatikati, ndi sen yai otambalala ngati lamba. Ku China kuli mifen ndi ho fun, ndipo kum'mwera kwa India kuli idiyappam.

Chinatown wa ku Manchester ali pakati penipeni pa mzinda, pamene pali chipata chokongola chopingasa mseu wa Faulkner Street. M'sitolo imene tinaloŵa munali mashelefu athunthu a ma noodles okhaokha, ndipo ndikanapita ndekha ndikanatola zolakwika. Mnzangayo anandiphunzitsa kusayang'ana chithunzi kapena dzina, koma kutembenuza paketi ndi kuŵerenga mndandanda wa zimene ziri m'katimo. Ma noodles a mpunga enieni, ouma, amalembedwa zinthu ziŵiri kapena zitatu basi: mpunga, madzi, ndipo nthaŵi zina sitalichi wa chinangwa kapena wa chimanga.

Misampha yake nayi. Choyamba, ma noodles aaŵisi a m'firiji, makamaka otambalala aja, kaŵirikaŵiri amathiridwa sitalichi wa tirigu kuti asaduke. Chachiŵiri, dzina loti vermicelli limanyenga: a ku Italy ndi a tirigu, ndipo a mpunga ndi okhawo amene palembedwa mpunga. Chachitatu, ma noodles achikasu a mazira, pamodzi ndi ramen ndi udon a ku Japan, ndi tirigu yekhayekha. Soba amapangidwa ndi mbeu yotchedwa buckwheat, imene si mbale wake wa tirigu ngakhale dzina likumveka chotero, koma opanga ambiri amasakanizamo ufa wa tirigu. Komanso pali maina oopsa a zinthu zosalakwa: mpunga womata umene pa paketi amaulemba kuti glutinous ulibe gluten konse, dzinalo limangotanthauza kunanda kwake. Ma noodles oonekera ngati galasi, opangidwa ndi sitalichi wa mphodza kapena wa mbatata monga amachitira ku Korea, nawonso ndi abwino.

Kaphikidwe kake n'kosavuta. Safuna kubwatitsa nthaŵi yaitali ngati supageti. Ukatero amasanduka phala. Opyapyala amangoviikidwa m'madzi otentha mphindi zitatu mpaka zisanu, kenaka kutsanulidwa ndi kutsukuluzidwa m'madzi ozizira kuti asamatane. Ine ndinkathirapo tomato, anyezi, kabichi ndi nsinjiro, ndipo m'mphindi khumi chakudya chapsa.

MALAMULO A PA PAKETI

Wokhala kunja ayenera kudziŵanso malamulo a dziko limene alimo. Bungwe la Codex Alimentarius, limene limaika miyezo ya zakudya pa dziko lonse, linagamula m'chaka cha 2008 kuti chakudya chingatchedwe chopanda gluten ngati gluten wake saposa mamiligalamu 20 pa kilogalamu imodzi. Britain, maiko a European Union ndi United States amatsata muyezo womwewo. Ku Australia ndi New Zealand lamulo ndi lokhwima koposa, pakuti amafuna kuti gluten asapezeke n'komwe poyesa.

Kuyambira mu Disembala 2014, ku Britain ndi ku European Union zakudya 14 zimene zimadwalitsa anthu ena, kuphatikizapo mbeu za gluten, ziyenera kulembedwa moonekera pa paketi, kaŵirikaŵiri ndi zilembo zakuda kwambiri, ndipo malesitilanti nawo ayenera kuuza wofunsa ngati ziri m'chakudya chawo. Bungwe la Coeliac UK, limene linakhazikitsidwa mu 1968, liri ndi chizindikiro cha ngala ya tirigu yodulidwa ndi mzere, chimene chimaikidwa pa zakudya zoyesedwa. Koma ku Japan lamulo limakakamiza kulemba tirigu, osati balere, pamene tiyi wa balere amamwedwa ponseponse. Choncho mawu oti “mulibe tirigu” satanthauza kuti mulibe gluten.

TSIKU LIMENE NDINADYA PHULA

Nditapeza ma noodles a mpunga ndinadziyesa katswiri, ndipo kudzikuza kumeneko ndiko kunandigwetsa. Tsiku lina titamaliza mayeso tinapita ku lesitilanti ina imene sindiitchula dzina. Ndinaona pa mndandanda ma noodles a mpunga okazinga ndi nyama ya ng'ombe, ndipo ndinaitanitsa popanda kufunsa kanthu, poti mpunga ndi mpunga. Anabwera ali ofiirira, onunkhira, ndipo ndinaseteka mbale. Usiku womwewo mimba inayamba kupota, ndipo masiku atatu otsatira ndinawathera pakati pa bedi ndi chimbudzi.

Wolakwa sanali mpunga koma msuzi wa soya, wakuda uja umene amathira pokazinga. Soya payekha alibe mlandu, koma msuziwo amaufulula ndi soya pamodzi ndi tirigu, ndipo mu mtundu wofala wa ku Japan ziŵirizi zimakhala pafupifupi zolingana muyezo. Misuzi inanso, monga wa hoisin ndi wa oyster, kaŵirikaŵiri imalimbitsidwa ndi ufa wa tirigu. Wopulumukirapo ndi msuzi wa nsomba wa ku Vietnam ndi Thailand, umene mwachizoloŵezi umapangidwa ndi tinsomba tonga usipa ndi mchere, ndiponso tamari wa ku Japan, amene amakhala ndi tirigu wochepa kapena alibiretu, ngakhale nayenso botolo lake liyenera kuŵerengedwa.

Mdani wachiŵiri ndi wosaoneka ndi maso. Wophika wotanganidwa amaviika ma noodles a tirigu ndi a mpunga mu mphika umodzi wa madzi otentha. Amakazinga mbale iyi ndi iyo pa chiwaya chimodzi chosatsuka. Tchipisi, amene ndi mbatata chabe, amaloŵa m'mafuta momwe mwatuluka nkhuku yokutidwa ndi ufa. Kwa wodwala coeliac, nyenyeswa za buledi zotsalira pa mpeni ndi zokwanira kudzutsa nkhondo ija, ndipo choopsa n'chakuti ena samva kupweteka kulikonse pamene matumbo akuonongeka.

MAFUNSO ANAYI

Kuyambira pamenepo ndinadziikira lamulo lakuti ndisanaitanitse kanthu ndizifunsa mafunso anayi. Kodi ma noodles aŵa ndi a mpunga wokha? Kodi mwathira msuzi wanji? Kodi madzi, chiwaya ndi mafuta ndi zapadera? Kodi ndingaone buku limene mwalembamo zakudya zodwalitsa? Woperekera zakudya akayankha msanga kuti “zonse ziri bwino” asanapite n'komwe kukhitchini, ndimadziŵa kuti sanamve, ndipo ndimapempha mwaulemu kuti akafunse wophika. Amene amati “dikirani ndikafunse” ndiye ndimamukhulupirira. Ndinaphunziranso kupita nthaŵi imene anthu sanachuluke, kunena poyera kuti ndi matenda osati kusankha, ndi kunyamula kakhadi kofotokoza vuto langa m'chinenero cha eni malo. Mnzanga uja anandilembera ka m'chinenero cha kwawo, ndipo kanandithandiza kopambana.

Pang'onopang'ono ndinadziŵa makhitchini amene ali abwenzi. Phở wa ku Vietnam, wa msuzi wa mafupa a ng'ombe, kaŵirikaŵiri ndi wabwino ukapeŵa msuzi wakuda umene amaika pa tebulo. Pad thai wophikidwa mwa chikhalidwe chake amakoleretsedwa ndi bwemba, msuzi wa nsomba ndi shuga wa kanjedza, koma ena amathiramo msuzi wa soya. Pad see ew ndiye wa msuzi wa soya kuyambira pa dzina lomwe. Ku Rusholme, pa mseu wa Wilmslow Road, pali malesitilanti ambiri a zakudya za ku Asia ndi za Aluya, ndipo mpunga, mphodza ndi nyama yootcha zimapezeka. Koma naan ndi chapati ndi tirigu, ndipo kazokometsera kotchedwa hing kaŵirikaŵiri kamasakanizidwa ndi ufa wa tirigu. Dosa wa kum'mwera kwa India ndi wa mpunga ndi nyemba zina zazing'ono. Injera wa ku Ethiopia amayenera kukhala wa mbeu ya teff, imene iribe gluten, koma kunja teff ndi wodula, tsono ambiri amaonjezamo tirigu kapena balere.

Chodabwitsa n'chakuti dziko la Italy, kwawo kwa supageti, ndi limodzi mwa maiko amene wodwala coeliac amadya mtima uli m'malo. Bungwe lawo loona za matendaŵa linayamba mu 1979, boma limathandiza odwala kugula zakudya zawo, ndipo mu 2023 anakhazikitsa lamulo loti ana aziyesedwa matendaŵa. Kumpoto kwa dzikolo amadyanso polenta, amene kunena zoona ndi nsima ya chimanga chachikasu.

KUKANA CHAKUDYA POPANDA MWANO

Chovuta koposa zonse sichinali m'sitolo kapena m'lesitilanti, koma mu mtima. Ife tinaleredwa kuti mlendo sakana chakudya, ndi kuti kufunsa zimene ziri mu mphika wa eni ndi chipongwe, kapenanso kuwaganizira zoipa. Banja lina la Amalaŵi litandiitana ku nkhomaliro, ndinapeza pa tebulo masoseji, mandasi, ndi nkhuku ya msuzi wolimbitsidwa ndi ufa wa m'paketi. Ndinakhala kanthaŵi ndikulimbana ndi maganizo: ndidye ndikadwale, kapena ndinene ndikhumudwitse mayi amene wadzuka mbandakucha chifukwa cha ine? Potsiriza ndinafotokoza, mutu uli pansi.

Mayiwo anaomba m'manja nati, “Aphunzitsi, bwanji osanena kale? Ufa ulipo, usipa ulipo, chigwada ndinabwera nacho chouma. Khalani pansi, nsima sichedwa.” Sindinadyepo nkhomaliro yokoma ngati imeneyo m'dziko la eni. Kuchokera tsiku limenelo ndimanena pamene akundiitana, osati pamene mbale zafika pa tebulo, ndipo sindinaonepo munthu wakwiya nazo.

MAWU KWA INU AŴERENGI

Patatha chaka magazi anabwerera m'malo mwake, lamba anabwerera pa bowo lake lakale, ndipo maphunziro ndinawamaliza. Pali zinthu zitatu zimene ndikufuna kukusiyirani. Choyamba, musathamangire kusala tirigu chifukwa mwaŵerenga nkhaniyi. Kwa munthu wopanda vutoli buledi si poizoni, ndipo zakudya zolembedwa kuti zopanda gluten sizimuonjezera thanzi lirilonse. Chachiŵiri, ngati mukukaikira, pitani kuchipatala mukudyabe tirigu, pakuti mukasiya musanapimidwe, magazi ndi matumbo zimaoneka ngati zabwino ndipo matenda amabisala. Wina m'banja akapezeka nawo, ana ake ndi abale ake a bere limodzi nawonso ayenera kupimidwa.

Chachitatu ndi cha inu aphunzitsi. Masiku ano buledi, masikono, mandasi ndi supageti zaloŵa m'makomo mwathu kuposa kale, makamaka m'matauni ndi m'sukulu zogonera komweko. Mwana wotupa mimba, wotumbuluka, wosakula ndi wogona m'kalasi angakhale ndi njoka za m'mimba, malungo kapena njala, ndipo zimenezi ndizo zofala. Koma ngati wapatsidwa mankhwala kangapo osasintha, nkwabwino kuti makolo akumbutse a chipatala za matenda enaŵa. Ndipo pophunzitsa za zakudya, auzeni ana kuti mapira, maŵere ndi chinangwa si zakudya za amphaŵi.

Amene mukukonzekera ulendo, phunzirani kuphika musananyamuke, phunzirani kuŵerenga zolembedwa kumbuyo kwa paketi, ndipo manyazi a kufunsa muwasiye pa bwalo la ndege. Sabata yamaŵa tidzakamba za kayendedwe ka m'mabasi ndi m'sitima za pamtunda, ndi za tsiku limene ndinapitirira siteshoni yanga ndiri m'tulo.